Khasu ndi Moto Wobisala m'Nkhalango ya Chikangawa

Zida zozimira moto ku Chikangawa zinabwera pamodzi ndi mitengo ya paini. Kubzala kunayamba pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1950, ndipo kunakula kuyambira mu 1964 pamene boma linkafuna mitengo yopangira mapepala. Fakitale ya mapepala yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche sinamangidwe, koma nkhalango ya Viphya, yomwe imadziwikanso kuti Chikangawa, inafika mahekitala pafupifupi 53,000, yambiri ya mtundu wa Pinus patula. Mtengo umenewu uli ndi utomoni woyaka msanga, ndipo masamba ake amayoyoka n'kuunjikana pansi chaka ndi chaka.

Dipatimenti ya za Nkhalango inagawa derali m'masiteshoni monga Chikangawa, Nthungwa, Mazamba, Luwawa ndi Lusangazi. Chilimwe chisanafike, antchito ankalambula misewu yotchinga moto ndi makasu ndi zikwanje. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, alonda ankakhala pa nsanja zazitali n'kumayang'ana utsi. Moto ukabuka, malawi ankamenyedwa ndi nthambi zaziwisi kapena chida cha mphira wophwatalala womangirira ku mpini wautali.

Ntchito yovuta inali kutsogolo. Moto wa m'paini ukaoneka ngati wazima, umapitiriza kunyeka pansi pa masamba, m'zitsa ndi m'mizu yowola, ndipo mphepo ikadzuka umabukanso kumbuyo kwa anthu omwe akuganiza kuti amaliza. Apa mpomwe khasu linkaposa zida zonse. Ankapalasa nalo masamba mpaka dothi lionekere, nkhwangwa n'kung'amba chitsa chofuka utsi, makala n'kukwiriridwa kapena kuthiridwa madzi a m'mpope wobereka kumsana. Ozimitsa moto a m'mizinda amachita zofanana pobowola siling'i ndi ndodo ya ngowe kuti aone ngati moto walowa m'denga.

Ku America, woyang'anira nkhalango wina dzina lake Ed Pulaski, yemwe anapulumuka moto waukulu wa ku Idaho mu 1910, anakonza chida chokhala ndi nkhwangwa mbali ina ndi khasu mbali ina, ndipo mpaka lero chimadziwika ndi dzina lake. Mlimi wa ku Mzimba sakanachidabwa: zonse ziwiri anali nazo kale pakhomo.

Zidazi sizinasinthe kwenikweni. Chomwe chinasintha ndi manja ozigwira. M'zaka za m'ma 1990 ndalama ndi antchito a boma zinachepa, ndipo misewu yambiri yotchinga moto inamera tchire. Mahekitala pafupifupi 20,000 anaperekedwa ku kampani ya Raiply, yomwe inatenga fakitale ya matabwa ya Viply cha kumapeto kwa zakazo. M'magawo otsala munachuluka ocheka matabwa, amene ankasiya milu ya utuchi ndi zibanthu. Mulu wa utuchi umatha kunyeka m'kati masiku ambiri kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo suzima pokhapokha utapasulidwa ndi fosholo kapena khasu, n'kuthiridwa madzi mpaka pansi.