Digiri ya utumiki wa ana, achinyamata ndi mabanja

Digiri ya utumiki wa ana, achinyamata ndi mabanja ndi maphunziro a kuyunivesite, kukoleji ya Baibulo kapena kuseminale amene amakonzekeretsa munthu kugwira ntchito ya mpingo wachikhristu pakati pa ana, achinyamata ndi makolo awo. Ndi nthambi ya maphunziro a zaumulungu, koma imatapanso nzeru m'maphunziro a uphunzitsi, a kakulidwe ka mwana ndi a uphungu. Digiriyi ndi yofala kwambiri ku America ndi ku Britain, kumene mipingo yambiri imalemba munthu ntchito yolipidwa yoti aziyang'anira ana kapena achinyamata basi. Kukhala ndi digiriyi sikuchititsa munthu kukhala mbusa kapena wansembe, chifukwa kudzoza kumatsata malamulo a mpingo uliwonse.

Chiyambi chake

Ntchito yeniyeniyo inayamba kale kwambiri digiri isanabwere. M'chaka cha 1780 Robert Raikes, mwini nyuzipepala mumzinda wa Gloucester ku England, anayambitsa sukulu za Lamulungu za ana osauka amene ankagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Anawo ankaphunzira kuwerenga pogwiritsa ntchito Baibulo, ndipo kumeneko n'kumene Sande sukulu inafalikira. Kenako kunabadwa mabungwe a achinyamata: YMCA ku London mu 1844, bungwe limene pambuyo pake linadzatchedwa Scripture Union mu 1867, Christian Endeavor ku America mu 1881, ndi Boys' Brigade ku Glasgow mu 1883. Kumbali ya Akatolika, wansembe John Bosco anasonkhanitsa anyamata osowa pokhala ku Turin, nayambitsa chipani cha Asalesiyani mu 1859. Ntchito zambiri zoterezi zinkadalira anthu ongodzipereka.

Zinthu zinasintha ku America m'zaka za m'ma 1940. Pa nthawiyo achinyamata ambiri anali atayamba kupita kusekondale m'malo mopita kumunda kapena kufakitale, motero ankatha tsiku lonse ali ndi anzawo a msinkhu umodzi, ndipo anayamba kukhala ndi nyimbo, zovala ndi kayankhulidwe kawokawo. Mabungwe a Young Life, limene Jim Rayburn anayambitsa mu 1941, ndi Youth for Christ la mu 1944, anawatsatira komweko ndi misonkhano ya nyimbo, masewera ndi ulaliki waufupi. Billy Graham anatchuka akulalikira m'bungwe lachiwirili. Mipingo itaona kuchuluka kwa achinyamata m'misonkhanoyi inatengera njira zomwezo n'kuyamba kulemba abusa a achinyamata, ndipo makoleji anatsegula maphunziro owakonzekeretsa. Seminale ya Princeton inatsegula malo apadera ofufuza za utumiki wa achinyamata mu 1995.

Ku England kuli kusiyana kumodzi kofunika. Ena mwa madigiri achikhristuwa amavomerezedwa ndi bungwe la National Youth Agency, motero womaliza amatha kulembedwa ntchito ndi mpingo ngakhalenso ndi khonsolo kapena bungwe losakhala lachipembedzo.

Zimene amaphunzira

Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi ku America ndi zitatu ku England. Amene ali kale ndi digiri ina amachita ya masitazi, kawirikawiri zaka ziwiri, kapena Master of Divinity ya zaka zitatu ngati akufuna kudzadzozedwa. Masukulu ambiri tsopano amaphunzitsanso kudzera pa intaneti.

Gawo lalikulu ndi Baibulo, chiphunzitso ndi mbiri ya mpingo, monga amaphunzirira wina aliyense wa zaumulungu. Pamwamba pake wophunzira amawerenga za kakulidwe ka munthu: zimene Jean Piaget analemba za mmene maganizo a mwana amakhwimira, zimene Erik Erikson analemba za wachinyamata amene akufunafuna kudziwa kuti iye ndi ndani, komanso buku la James Fowler la mu 1981 lotchedwa Stages of Faith. Phindu lake limaoneka pa zinthu zazing'ono. Mwana wa zaka zisanu amamva fanizo monga momwe mawu ake alili, pamene wa zaka 16 amafuna kufunsa ndi kutsutsa, ndipo mphunzitsi amene amatenga mafunsowo ngati mwano amatha kumutaya.

Palinso ntchito zimene sizimveka zauzimu koma zimadya nthawi yambiri, monga kukonza bajeti, kupeza ndi kuphunzitsa anthu odzipereka, ndi kukonzekera maulendo ndi misonkhano yogonera. Pafupifupi sukulu iliyonse imafuna kuti wophunzira akagwire ntchito pampingo kapena pabungwe kwa miyezi ingapo akuyang'aniridwa.

Phunziro la kuteteza ana lakula kwambiri chifukwa cha milandu yogwirira ndi kuzunza ana imene inaululika m'mipingo yosiyanasiyana, makamaka nyuzipepala ya Boston Globe itafalitsa mu 2002 mmene atsogoleri ena a mpingo ankabisira ansembe olakwa. Wophunzira amaphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro za nkhanza, kusalonjeza mwana kuti asunga chinsinsi pa nkhani yoika moyo wake pachiswe, ndi kukanena kwa apolisi kapena a zachisamaliro cha anthu m'malo moithetsera nkhaniyo m'bwalo la mpingo. Mipingo yambiri ili ndi lamulo lakuti munthu wamkulu asakhale yekha ndi mwana kumalo obisika. Ku England ndi ku Wales, ofuna kugwira ntchito ndi ana amayamba afufuzidwa mbiri yawo kudzera ku Disclosure and Barring Service.

Mtsutso wa za banja

Mawu akuti "mabanja" analowa mochedwa m'dzina la digiriyi, ndipo analowa chifukwa cha kusakhutira. Pofika m'ma 1990 aphunzitsi ambiri anali atayamba kudandaula kuti gulu la achinyamata lasanduka kampingo kapadera, kokhala ndi chipinda chake, nyimbo zake ndi mbusa wake. Ena ankafanizira mpingo wotere ndi Mickey Mouse wa khutu limodzi: bwalo lalikulu ndi mpingo, ndipo kabwalo kakang'ono kongokhudza m'mphepete ndi achinyamata. Wachinyamata akamaliza sekondale n'kutuluka m'gululo, ankapezeka kuti ndi mlendo mumpingo wake womwe.

Mu 1994 Mark DeVries analemba buku lotchedwa Family-Based Youth Ministry, lonena kuti makolo ndi akuluakulu a mumpingo abwezeredwe pakati pa ntchitoyi. Mu 2005 Christian Smith ndi Melinda Lundquist Denton anatulutsa Soul Searching, zotsatira za kafukufuku wamkulu wa achinyamata a ku America. Anapeza kuti chikhulupiriro cha achinyamata ambiri chimafanana ndi cha makolo awo, ndiponso kuti ambiri ankaona Mulungu ngati wongofuna kuti anthu akhale abwino ndi osangalala, woitanidwa pokhapokha zinthu zikavuta. Kenda Creasy Dean wa ku Princeton, m'buku lake la mu 2010 lotchedwa Almost Christian, anati vutoli achinyamata analitengera kwa akuluakulu. Maganizo oterewa si atsopano kwenikweni: Horace Bushnell anali atalemba kale mu 1847 kuti mwana wa m'banja lachikhristu akule nacho chikhulupiriro kuchokera panyumba, ndipo otsatira njirayi amaloza ku Deuteronomo 6, pamene udindo wophunzitsa ana ukuperekedwa kwa makolo.

Sikuti onse amagwirizana za mankhwala ake. Ena, monga Voddie Baucham, amene kuyambira mu 2015 anatsogolera maphunziro a zaumulungu pa African Christian University ku Lusaka, anaphunzitsa kuti kugawa mpingo potengera misinkhu kuthetsedwe ndipo banja lonse lizipembedza limodzi. Malan Nel wa ku yunivesite ya Pretoria sanafike pamenepo; iye anati achinyamata ndi mpingo lero lomwe, choncho akhale ndi mbali m'mapemphero, m'utsogoleri ndi m'ntchito zachifundo. Funso lovuta kwa onse olimbikira za makolo ndi la mwana amene makolo ake sapemphera, kapena amene kwawo ndi kumene amazunzidwira. Kwa iye gulu la achinyamata likhoza kukhala malo okhawo amene munthu wamkulu amamumvetsera.

Ku Malawi

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'Malawi, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Komabe utumiki wa ana ndi achinyamata uli kwambiri m'manja mwa anthu osalipidwa: aphunzitsi a Sande sukulu ndi a kalasi, alangizi, atsogoleri a makwaya, ndi mabungwe a m'masukulu monga SCOM, YCS ndi Scripture Union. Amene amapita kukoleji nthawi zambiri amachita maphunziro a zaumulungu onse, ndipo za ana ndi achinyamata amakumana nazo ngati gawo chabe.

Mabuku ambiri a digiriyi amalembedwa ndi chithunzi cha banja la bambo, mayi ndi ana awo okha. Pakati pa Achewa ndi mitundu ina yotsata kuchikazi, atsibweni ali ndi mawu aakulu pa ana a mlongo wawo, ankhoswe ndiwo amaweruza za ukwati, ndipo ana ambiri amaleredwa ndi agogo kapena azakhali. Palinso miyambo ya kutha msinkhu, imene mabuku akunja saikhudza. Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP inakhazikitsa chilangizo kuti chilowe m'malo mwa chinamwali kwa ana a Akhristu, ndipo Isabel Apawo Phiri anafotokoza mbiri yake m'buku la mu 1997 lotchedwa Women, Presbyterianism and Patriarchy. Wotumikira ana m'Malawi amayeneranso kudziwa lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa mu 2017 kumene kunakhazikitsa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Ntchito akamaliza

Omaliza amalembedwa ntchito m'mipingo, m'masukulu achikhristu, m'malo osamalira ana ndi m'mabungwe achifundo. Malipiro nthawi zambiri amakhala otsika poyerekeza ndi a mbusa wamkulu, ntchito imagwa madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo ambiri amasamukira ku ubusa, uphunzitsi kapena uphungu pakapita zaka zingapo. Ku America, kumene ophunzira ambiri amalipira sukulu ndi ngongole, ena amaphatikiza digiriyi ndi phunziro lina monga uphunzitsi. Digiri ya sukulu yosavomerezeka ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dzikolo, monga National Council for Higher Education ku Malawi, ikhoza kukanidwa ndi olemba ntchito komanso ndi mayunivesite ena munthu akafuna kupitiriza maphunziro.