Mfutso

Mawu akuti mfutso amachokera ku mneni kufutsa, ndiko kuwiritsa ndiwo zamasamba pang'ono chabe, zisanapse, ndi kuziyanika padzuwa kufikira zitauma gwa, kuti zikhalitse osaola. Mvula ikamapita kumapeto, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene nkhwani, khwanya ndi chitambe zachuluka m'timinda ta kuseri kwa nyumba kotero kuti banja silingazithe, amayi a ku Mchesi, monganso anzawo a ku Biwi ndi Kawale, amathyola masamba anthete, nawasadzula, nawafutsa, nawayala pamphasa kapena padenga la malata. Ndipo ngakhale makolo ankakulunga mfutsowo m'masamba a msuku ndi kumanga ndi luzi, chimene ankachitcha chikwatu, lero ambiri amausunga m'thumba kapena m'ndowa pamalo ouma.

Phindu lake limaoneka m'chilimwe, mu Okutobala, pamene dzuwa lawamba minda ndipo masamba akwera mtengo pamsika; pamenepo mayi amaviika mfutso wake, nautendera nsinjiro, ana nadya nsima mokhuta. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Chifukwa chake wofutsa ndiwo atsata nzeru ya Yosefe, amene anakundika tirigu m'dziko la Aigupto zaka za njala zisanafike.