Mfuti Pamalo a Ntchito: Lamulo la ku South Africa ndi Mphamvu za Olemba Ntchito

M'dziko la South Africa, munthu amene ali ndi chilolezo cha mfuti yodzitetezera amaloledwa kuyenda nayo, koma chilolezocho sichimupatsa ufulu wolowa nayo paliponse. Akafika pachipata cha pamalo a ntchito, wolemba ntchito ali ndi mphamvu yomuletsa kulowa nayo, ndipo amene anyozera chiletsocho angathe kutaya ntchito ngakhale mfutiyo ili yovomerezeka.

Lamulo la mfuti

Lamulo loyendetsera mfuti m'dzikoli ndi Firearms Control Act la chaka cha 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004 m'malo mwa lamulo lakale la 1969. Wofuna mfuti amayamba wapeza chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera kukhala nayo. Kawirikawiri ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo, ndiponso akhale nzika kapena munthu wololedwa kukhazikika m'dzikolo mpaka kalekale. Motero anthu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe amene ali ndi zikalata zongogwirira ntchito sangalandire chiphasochi.

Munthu mmodzi amapatsidwa chilolezo cha mfuti imodzi yokha yodzitetezera. Chilolezocho chimatha pakapita zaka 5, ndipo pempho lochikonzanso liyenera kuperekedwa kusanatsale masiku 90 kuti chithe. Mu 2018 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linanena kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, koma mwayi umene lamulo limapereka ndi kuuyang'anira.

Kunyamula mobisa

Ndime 84 ya lamuloli imalamula kuti mfuti yaing'ono yonyamulidwa pagulu ikhale m'chimake chomangirira pathupi kapena m'chikwama, ndipo iphimbike yonse. Woinyamula akhale wotha kuiyang'anira nthawi zonse. Kubisa mfuti ku South Africa ndi udindo, ndipo n'chifukwa chake wolemba ntchito sangadziwe pongoyang'ana kuti mwa antchito ake ndani ali nayo.

Mphamvu za wolemba ntchito

Mphamvu yoletsa mfuti imachokera mbali ziwiri. Choyamba, mwini malo ali ndi ufulu woika malamulo a kalowedwe pamalo pake. Chachiwiri, lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1993 limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa, mmene angathere, kuti pamalo a ntchito palibe chimene chingaike antchito pachiswe.

Palinso njira yamphamvu koposa. Ndime 140 imalola nduna yoona za apolisi kulengeza malo ena kuti ndi osalola mfuti, ndipo mwini malo angathe kupempha zimenezi. Wolowa ndi mfuti pamalo otere wapalamula mlandu wa kukhoti, pamene wophwanya lamulo la kampani lokha amaweruzidwa ngati wosamvera pantchito.

Wogwira ntchito akachotsedwa chifukwa cha mfuti, angathe kudandaula ku bungwe la CCMA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la za ntchito la 1995. Kumeneko amafunsa ngati lamulo la kampanilo linalipodi, ngati ndi lomveka, ngati wantchito ankalidziwa, ngati limagwira aliyense mofanana, ndiponso ngati kumuchotsa kunali chilango choyenera. Chiletso chosalembedwa, kapena chimene chimakhudza antchito wamba koma n'kulekerera mabwana, n'chovuta kuchiteteza.

Vuto la kosungira

Ambiri amene amanyamula mfuti saopa za mu ofesi. Amaopa za panjira, makamaka akamachoka m'bandakucha kapena kuweruka usiku. Chiletso cha pantchito chimawasiya ndi funso la koika mfutiyo. Lamulo limati mfuti ikakhala kuti siili pathupi pa mwini wake kapena m'manja mwake, itsekeredwe m'bokosi lachitsulo lovomerezeka. Kuisiya mwachisawawa m'galimoto ndi mlandu, ndipo ikabedwa chifukwa chosasamala, mwini wake angaweruzidwe kuti sayeneranso kukhala ndi mfuti. Kuisungitsa kwa mlonda wa pachipata nakonso sikuloledwa mwachisawawa, popeza kusunga mfuti ya munthu wina kuli ndi malamulo ake. Makampani ena amaika mabokosi achitsulo pachipata, momwe mwini mfuti amatsekera yekha. Kumene kulibe mabokosiwa, chiletso chimatanthauza kuti mfutiyo itsale kunyumba.

Alonda ali m'gulu lina. Malamulo a bungwe la PSIRA, loyang'anira makampani achitetezo, amafuna kuti mlonda pantchito agwiritse mfuti yoperekedwa ndi kampani yake osati yakeyake.

Kusiyana ndi ku America

Ku United States mkangano waukulu unali wa malo oimikapo magalimoto. Mu 2002 kampani ya Weyerhaeuser inachotsa antchito angapo ku Oklahoma itapeza mfuti m'magalimoto awo. Mu 2004 aphungu a chigawocho anakhazikitsa lamulo loletsa olemba ntchito kukaniza mfuti zotsekeredwa m'galimoto, ndipo ngakhale makampani analitsutsa, khoti la apilo linaligwirizira mu 2009. Chigawo cha Florida chinakhazikitsa lamulo lotere mu 2008, ndipo zigawo zoposa 20 zili ndi malamulo ofanana nalo. Komabe m'zigawo zambiri wolemba ntchito angathebe kuletsa mfuti mkati mwa nyumba yogwiriramo ntchito.

Ku South Africa kulibe lamulo lokakamiza kampani kulandira mfuti za antchito. Choncho zambiri zimadalira zimene zalembedwa m'malamulo a kampani: amene akuletsedwa, malire a malo oletsedwawo, kosungira mfuti, ndi chilango cha wophwanya.