Nkhokwe inalowa bwanji kuchipinda chogona?

Mukazungulira Sadzi yense lero, nkhokwe yoluka ndi nsungwi yoima pabwalo muchita kuifunafuna. Chimanga chonse chili m'matumba, kuchipinda komwe timagona. Kusamukaku sikunachitike tsiku limodzi ayi.

Kale nkhokwe inali ya mayi. Kuno n'kwa chikamwini, ndiye bambo ankangoluka ndi kufolera, koma wotapamo anali mkazi. Mkamwini akapezeka akusuzumira m'nkhokwe, mudzi wonse unkamuseka. Chimanga chinkalowa ndi makoko ake, cha makolo cholimba chija chimene anankafumbwe ankachita nacho ulesi. Ndipo sichinkakhala chokha. Panali makaka, mapira, nandolo, komanso mfutso wa khwanya ndi nkhwani m'zikwatu zokulunga ndi masamba a masuku. Mbewu ankaipachika kutsindwi, pofika utsi.

Mu 1949 mvula itadula, agogo ankati amene anaima ndi amene anali ndi chinangwa ndi mapira. Amuna ambiri anapita kosuma ku Ntcheu ndi ku Mozambique, ena osabwerakonso mpaka lero. Boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali mu Zomba momwe muno, linachita kuumiriza anthu kubzala chinangwa ndi mbatata.

ADMARC itabwera mu 1971, mitima inayamba kugona. Tinkati chikatha tikagula kudepoti, boma lili ndi nkhokwe zake zazikulu ku Kanengo. Kenaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunalowa nankafumbwe wamkulu kuchokera ku Tanzania, woboola ndi mitengo yomwe ya nkhokwe. Chimanga cha haibulidi, pokhala chofewa, ankangochisandutsa ufa. Alangizi anati tonolani, thirani Actellic, ikani m'thumba. Anali ndi mfundo, sindikutsutsa.

Koma chimene chinamaliza nkhokwe yapabwalo ndi njala ya 2002. Chimanga choposa matani 160,000 chomwe boma linkasunga chinali chitagulitsidwa, ndipo pomwe a Bakili Muluzi ankalengeza za ngoziyo mu February, anthu anali akudya kale gaga ndi zitsa za nthochi. Kudepoti mizere yokhayokha, kugona pomwepo. Umbava unafika poti chimanga chinkabedwa chili chachiwisi m'munda, nanji cha m'nkhokwe? Kuyambira pamenepo aliyense anafuna kugona akuchiona.

Tsono vuto la thumba n'loti ndi lopepuka kugulitsa. Cha m'nkhokwe kuti chifike kwa venda pankafunika kutapa, kusenda, kutonola, ndipo pofika apo mayi adziwa kale. Thumba ungolikweza pa kabaza, basi lapita. Mu May mavenda atchera masikelo awo m'mbali mwa msewu, tigulitsa motchipa chifukwa cha fizi, mu January tikagula chomwecho pamtengo wolira nawo. Ndipo zinazi, makaka ndi zikwatu, ambiri tinazisiya ngati zachikale.

Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatikumbutsanso china. Nkhokwe yakale inkaima pamiyala, m'mwamba. Matumba ife timangosanja pansi, motsamira khoma. Mvula ya masiku angapo ija makoma a zidina anafewa, madzi analowa, ndipo chimanga chimene anthu anachiteteza kwa akuba chinaola m'nyumba momwemo.

Kwathu pano ndinamanga kasanja m'chipinda, kotalika kufika m'bondo, kotalikirana ndi khoma. Pali matumba a PICS osafuna mankhwala aja, ndipo atatu mayi a kunyumba anawalemba ndi makala kuti "January". Amenewo ine sindiwakhudza, ngakhale kubwere maliro a kuchimuna. Pambali pali ndowa yotseka ya nandolo, makaka, mchere, machesi, sopo ndi botolo la Waterguard, poti madzi akasefukira kolera sachedwa. Zikwatu chaka chino tamanga 6, masamba a masuku tinakatola kuphiri.