Kamwana ndi chaka cha 1914: tikamva chiphunzitso chokhota, titani?

Anzanga amene mukumvera muli ku Johannesburg, ku Harare, ku Leeds ndi kwina konse, lero tibwerere m'mbuyo pang'ono, tipite kugombe la nyanja ku Nkhata Bay. Nkhani yake ndi ya munthu amene naye anapita kunja kukasaka ntchito, ngati inuyo.

Elliot Kenan Kamwana anali Mtonga, ndipo anaphunzira kwa amishoni a Livingstonia. Atapita ku South Africa, anakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town, Booth yemwe uja anatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Booth anamuphunzitsa mabuku a Charles Taze Russell a gulu la Watch Tower. Mu 1908 Kamwana anabwerera kwawo ndi uthenga wotentha: mu 1914 maufumu a dziko lino atha, Khristu ayamba kulamulira, msonkho wa atsamunda sudzakhalakonso. M'miyezi yochepa chabe anabatiza anthu pafupifupi 10,000.

Tsopano funsani: anthu onsewo anali opusa? Ayi. Ku mishoni, munthu ankakhala m'kalasi zaka zingapo asanabatizidwe, ndipo ambiri ankatopa n'kudikira. Msonkho wa nyumba unkawapanikiza, amuna ankachoka kukasaka ndalama kumigodi. Kenaka kwabwera mwana wa kwawo, akulankhula Chitonga, akubatiza osachedwetsa, akutchula mavuto awo poyera. Inuyo simukanapita kukamumva?

Amishoni anadandaula ku boma, ndipo mu 1909 boma linamugwira n'kumuthamangitsa. Pambuyo pake anakakhala zaka zambiri kuzilumba za Seychelles, n'kudzabwerera mu 1937. Koma chiphunzitsocho sichinakwere naye sitima. Anthu opita kumigodi anachinyamula mpaka ku Rhodesia. Kumuchotsa munthuyo sikunayankhe funso ngakhale limodzi limene anthu anali nalo.

Chaka cha 1914 chinafika. Kunabwera nkhondo yaikulu, anthu athu anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, ndipo msonkho unakhalapobe. Lonjezo lija silinakwaniritsidwe. Apa tisazembe: tsikulo linali lolakwika, ndipo Baibulo lomwe anthu anali nalo m'manja, pa Mateyu 24, linali litachenjeza kale kuti tsiku la chimaliziro palibe munthu amene amalidziwa. Chaka chomwecho cha 1914 ndi pamene Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba achikuda: Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Mishoniyo inali itagwira ntchito kuyambira 1875. Anthu anadikira zaka 39 kuti aone wa kwawo atapatsidwa ubusa.

Ndiye ifeyo titengepo chiyani? Kumeneko muli, aneneri ndi ambirimbiri, ena m'maholo a lendi, ena pa Facebook ndi TikTok. Wina akulonjeza mapepala okhalira m'dziko mukabzala mbewu, wina akutchula tsiku la chimaliziro. Mukamva zotere, tsegulani Baibulo nokha, muwerenge chaputala chonse, osati kavesi kamodzi kamene wakupatsani. Ngati zili zabodza, nenani kuti ndi zabodza, mwaulemu koma mosabisa. Ngati wina akubera anthu kapena kuwavulaza, umenewo ndi mlandu, pitani kupolisi. Koma pa nkhani ya chikhulupiriro, apolisi sangakuyankhireni.

Ndipo musanamuseke msuweni wanu amene watengeka, mufunseni chimene anapeza kumeneko. Mwina kumpingo kwanu anakhala miyezi isanu ndi umodzi popanda womufunsa dzina. Mwina ntchito itatha, amene anamuimbira foni ndi a kwa mneneriwo. Anthu a ku Nkhata Bay anathamangira kwa Kamwana chifukwa anali ndi njala yeniyeni, ndipo msuweni wanuyo ali nayonso. Muimbireni sabata ino, mumuitane kudzadya nsima, Baibulo likhale pomwepo patebulo. Tikumanenso pulogalamu yamawa.