Pakati pa Dombole ndi Lizulu: Malo Akale a ku Ntcheu

Ambiri mwa ife a kunyanja timaidziwa Ntcheu ngati njira chabe. Timatsika basi pa Lizulu kugula mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, kenako ulendo n'kupitirira. Ena timadzera msewu wa m'chigwa cha Bwanje, pa Sharpevale, popita ku Salima kapena ku Balaka. Komatu m'mbali mwa misewu imeneyi muli manda, zipilala ndi nyumba zakale zimene zikusunga mbiri ya momwe ufumu wa eni dziko unagonjetsedwera ndi atsamunda, ndiponso momwe unadzukiranso. Mbiriyo ikukhudza ngakhale makolo athu a m'mbali mwa nyanja.

Tiyambe ndi anthu ake. Angoni a kwa Maseko anachoka kumwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo zimene zinabuka m'masiku a Shaka. Anawoloka Zambezi, nayenda mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene mtsogoleri wawo Mputa anafera. Chidyaonga ndiye anawabweza kumwera, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, limene tsopano lili m'boma la Angonia ku Mozambique. Atamwalira Chidyaonga, ufumu unapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa.

M'masiku a Chikuse, asilikali a Angoni ankaopedwa kutali. Mu 1884 anawoloka Shire n'kukathira nkhondo m'midzi ya kumapiri a ku Blantyre, ndipo Ayao ndi Amang'anja ambiri anathawira pamwamba pa mapiri. Sitiyenera kubisa kuti inali nthawi yowawa: anthu ankagwidwa pankhondo, ndipo ena ankagulitsidwa kwa amalonda a ukapolo amene njira zawo zinkadutsa kumwera kwa nyanja. Palibe mtundu umene unatuluka m'zaka zimenezo manja ali oyera kotheratu. Chikuse atamwalira mu 1891, mwana wake Gomani analimbirana ufumu ndi Kachindamoto, mwana wa Chifisi. Kachindamoto anatsikira kunyanja nakakhala ku Mtakataka, kumene ufumu wake ulipo mpaka lero.

Chaka chomwecho cha 1891, Britain ndi Portugal anagwirizana za malire. Anatsata msana wa mapiri, pamene madzi amagawikana, ena kupita ku Zambezi, ena kunyanja ndi ku Shire. Mzere umenewu unadula dziko la Maseko pakati: Domwe anatsala kwa Apwitikizi, Ntcheu kwa Angerezi. N'chifukwa chake msewu wa M1 m'madera a Lizulu umayenda m'malire enieni, moti munthu akangowoloka msewu wafika kale ku Mozambique. Mabanja a mbali ziwirizi ndi amodzi, chilankhulo n'chimodzi, maliro amaikira limodzi. Msewu womwewo ndi umboni wa momwe anthu akutali anagawira dziko la eni ake osawafunsa.

Malo oyamba amene mlendo ayenera kuimapo ndi chipilala cha Gomani Woyamba, kufupi ndi Dombole. Pa Dombole panali mishoni ya Zambezi Industrial Mission, bungwe limene Joseph Booth anayambitsa mu 1892. Pofika 1896, anthu a Gomani ambiri anali atayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya azungu, ena akusamukira pafupi ndi mishoni, ndipo boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba. Kwa mfumu imene mphamvu yake inali m'kuchuluka kwa anthu ake, zimenezi zinali ngati kuizula mizu. Mu Okutobala chaka chimenecho ankhondo ake anatentha midzi yozungulira mishoni. Boma linatumiza asilikali, Gomani anagwidwa, ndipo pa 27 Okutobala 1896 anamuwombera pakati pa Dombole ndi Chiole. Akuluakulu a Angoni amasimba kuti anakana kuyendetsedwa ngati kapolo pamaso pa anthu ake. Mu 1927 Angoni anasonkha ndalama n'kumanga chipilala chomukumbukira. Taganizani: anthu olamulidwa kumangira chikumbutso mfumu yophedwa ndi boma limene linali likuwalamulabe.

Mishoni zina nazo zili ndi mbiri yake. Ku Livlezi kunafika a Livingstonia m'zaka za m'ma 1880, ndipo pambuyo pake malowo anawasiyira a Dutch Reformed Church, amenenso anatsegula Mlanda. Ku Gowa kunayamba Baptist Industrial Mission, imene kenako inapita m'manja mwa Churches of Christ. Ku Nzama, m'dera la Njobvuyalema, ansembe a Montfort anafika mu Julayi 1901, ndipo iyi ndiyo mishoni yoyamba ya Akatolika imene inakhazikika m'dziko muno. Apa pali ulusi wofika kwathu. Zaka 12 m'mbuyo mwake, mu 1889, a White Fathers anali atayesa kukhala kwa Mponda, pamene Shire amatulukira m'nyanja, koma anachoka mu 1891 ntchito yawo isanazike mizu, pakuti mudzi wa Mponda unali utalandira kale Chisilamu. Choncho nkhani ya Nzama siimveka bwino popanda nkhani ya kwa Mponda.

Malo ena ofunika ndi Lizulu lenileni, likulu la Gomani Wachiwiri, Philip, mwana wa mfumu yophedwa ija. Iye analongedwa ufumu mu 1921, ndipo kwa zaka zambiri boma linkamutama kuti ndi mfumu yolimbikitsa ukhondo, sukulu ndi ulimi wabwino. Koma mu 1953, pamene atsamunda anakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Gomani anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a boma a malimidwe. Boma linamuchotsa paudindo n'kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. Apolisi atabwera kudzamutenga mu Meyi chaka chimenecho, anthu anawatsekereza, ndipo mfumuyo, imene inali ikudwala kale, inawolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa wa Anglican, Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Scott anathamangitsidwa m'dziko, ndipo Gomani anamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo. Chitaganya chimene anachikanacho chinatha pa 31 Disembala 1963. Atate anakana ndi mkondo, mwana anakana ndi kusamvera, ndipo onse awiri anafa asanagonje mumtima.

Cholowa cha Ntcheu sichili m'miyala yokha. Chingoni chinazilala chifukwa ana anatenga chilankhulo cha amayi awo Achichewa, moti lero Angoni a kuno amalankhula Chichewa. Komabe gule wa ngoma, zishango, mfunda ndi mayina a mafumu monga Njolomole, Makwangwala, Champiti, Ganya ndi Mpando zidakalipo. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana pa Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano wa Maseko, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani Wachisanu, ndipo abale a ku Mozambique amafikanso.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mwala sulankhula wokha. Chipilala chikasowa woti afotokoze tanthauzo lake, chimangosanduka chizindikiro cha pokwerera basi. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma agogo amene anaona zochitika za 1953 ali ana atsala ochepa, ndipo amene akupita akupita nazo. Vuto lomweli lili kwathu kunyanja, kumene manda a mafumu, madoko akale ndi malo a mizikiti yoyamba akudziwika ndi okalamba okha.

Choncho mukadzadzeranso ku Ntcheu ndi ana, patulani ola limodzi. Yambani mwapereka moni kwa mfumu ya mudzi, pemphani wokuperekezani, ndipo pamanda muyende mwaulemu monga mungafunire kuti alendo achitire pamanda a makolo anu. Mwana amene waima pa Dombole n'kumva chimene chinachitika pamenepo adzabwerera kunyanja ali ndi funso loyenera: nanga kwathu kuno kunachitika zotani? Pamenepo mumutengere kwa agogo ake akadali moyo.