MBIRI YA NSOMBA YA BASS NDI NYAMBO ZONAMA

Ku America kuli nsomba ya m'mitsinje ndi m'nyanja za madzi opanda mcere imene eni dziko amaicha bass. Mitundu yace yomveka ndi iwiri: wina wa kamwa lalikuru, umene ukonda madzi odikha ndi ofunda pamene pali udzu ndi zitsa, wina wa kamwa locepa, umene ukonda madzi oyenda a pamiyala. Nsomba imeneyi siidya ndere monga zicitira nsomba zina. Cakudya cace ndi zamoyo zokha-zokha. Cifukwa ca madyedwe ace amenewa, anthu akhala akuinyenga kwa zaka zoposa 200 ndi ubweya, citsulo, mtengo ndi pulasitiki, zinthu zimene ngakhale galu wanjala sangazinunkhize kawiri.

Ana a bass ayamba ndi tizirombo ta m'madzi tosaoneka bwino ndi maso. Akafika pa msinkhu wa cala ayamba kugwira tinsomba tina, ngakhale abale ao omwe. Yaikuru idya nsomba, acule, nkhanu, ziwala, tinjoka, ndipo nthawi zina mbewa kapena mwana wa bakha. Siikonda kuthamangitsa cakudya ulendo wautali. Ibisala mumthunzi, pansi pa mtengo wogwera m'madzi kapena m'mphepete mwa bango, niyembekeza. Kanthu kakadutsa pafupi ilumpha, niyasama ndi kutambasula makha nthawi imodzi, kotero kuti madzi alowa m'kamwa mwamphamvu pamodzi ndi kanthu kaja. Mano ace ndi ang'ono-ang'ono; agwira koma satafuna, ndipo cakudya cimezedwa cathunthu. Apa ndipo pagona nkhani yonse, pakuti bass iyamba yagwira, kulawa kudza pambuyo. Ikamva kuti cimene ciri m'kamwa si nyama icilabvula msanga, koma ngati pali mbedza mpata wolabvula usowa.

Ndiponso m'nthiti mwace muli mzere wa timaenje wocokera ku makha kufikira kumcira. Ndi mzere umenewu nsomba imva kugwedezeka kwa madzi, ngakhale usiku kapena m'madzi obvunduka. Cotero kanthu koyenda motsimphina, kophiriphitha kapena konyezimira ngati mamba kaiitana kusiyana ndi kanthu kongokhala cete, ngakhale kakhale konona cotani.

Munthu wina wophunzira za zomera, dzina lace William Bartram, anayenda m'dziko la Florida m'caka ca 1774, ndipo m'buku lace limene linaturuka mu 1791 anafotokoza m'mene anthu a kumeneko anali kuwedzera. Anthu awiri analowa m'bwato, wina napalasa pang'ono-pang'ono, wina nagwira mtengo wautali wokhala ndi kacingwe kakafupi. Pa kacingwepo anamanga mbedza zitatu motsamirana, nazikuta ndi ubweya woyera wa kumcira kwa nyama yonga mbawala, tizidutswa ta nsaru yofiira ndi nthenga. Msodzi anali kugwedeza cinthuco pamwamba pa madzi pafupi ndi udzu, nacikhudzitsa pamadzi kamodzi-kamodzi, ndipo nsomba inali kutumphuka nicigwira. Anthu amenewo analibe fakitale kapena mabuku, koma anali atazindikira kale cinsinsi cimene onse odza pambuyo anangocibveka zobvala zatsopano.

Citsulo cinalowa m'nchitoyi ndi Julio Buel wa ku Vermont. Nkhani imanenedwa kuti ali mnyamata anagwetsa supuni m'nyanja ya Bomoseen, naona nsomba yaikuru ikuithamangira pamene inali kumira mozungulira. Anadula mpini wa supuni ina, naikapo mbedza, nayamba kupha nazo nsomba. Mu 1852 Boma linampatsa kalata yotsimikiza kuti nzeruyo ndi yace, ndipo anacita malonda a nyambozi ku Whitehall, m'cigawo ca New York. Kufikira lero nyambo za mtundu umenewu zichedwa dzina la supuni.

Pa masiku amenewo bass inali kunyozeka. Anthu acuma anali kukonda trout ndi salmon, nsomba za m'madzi ozizira, ndipo bass anali kuiyesa ndiwo ya amphawi. Cimene cinaikweza ndi njanji. Mu 1854 William Shriver ananyamula bass zamoyo m'ndowa yobowola-bowola imene anaimiza m'thanki ya madzi a sitima ya Baltimore and Ohio, nakazitaya ku Cumberland, kumene zinalowa mumtsinje wa Potomac ndi kuswana kwambiri. Sitima za masiku amenewo zinali kumwa madzi oculuka, cotero m'mbali mwa njanji munali maiwe ambiri okumba, ndipo anthu anapeza kuti bass ipirira ulendo ndi madzi ofunda amene trout ingafe nao. Pamene nkhalango zinali kudulidwa ndi mitsinje kutsekedwa, trout inacepa m'malo ambiri, koma bass inali kungoculuka. Mu 1881 dokotala wina, James Henshall, analemba buku lathunthu la nsomba imeneyi, locedwa Book of the Black Bass, m'mene anatsutsa onyozawo ndi kunena kuti pa kulimbana ndi msodzi bass siicepera nsomba iri yonse ya msinkhu wace.

Pambuyo pace panadza James Heddon wa ku Dowagiac, m'cigawo ca Michigan, munthu woweta njuci. Za iyenso amanena kuti anali kusema kamtengo pambali pa dziwe, nakaponya m'madzi, ndipo bass inakagwira pomwepo. Nkhani zotere zifanana kwambiri, ndipo nkutheka kuti amalonda anazikometsera. Koma coona ndi cakuti mu 1902 Heddon anali atayamba kugulitsa nyambo zosema, zoyandama, zimene zithira phobvu ndi kucita phokoso pamene msodzi azikoka. Zinali kupha bwino m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene kuwala kucepa ndipo bass ituruka m'mobisala kukasaka m'madzi osaya. Dzuwa likakwera ibwerera kumthunzi kapena pakuya, ndipo nyambo yoyandama ingobvina yokha.

Nyambo yosema ndiyo inagwira bass yomveka koposa zonse. Pa 2 June 1932, m'zaka za umphawi waukuru ku America, mnyamata wina mlimi, George Perry, anapita kukawedza pa Montgomery Lake m'cigawo ca Georgia, tsiku limene kumunda kunali cinyontho cosalimika. Anagwira nsomba yolemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4, ndiye kuti makilogalamu oposa 10 pang'ono. Anakaiyesa pa sikelo m'tauni ya Helena, napambana nayo mpikisano wa magazini ya Field and Stream. Koma nsombayo sanaisunge, ai, anapita nayo kwao ndipo banja linaidya, pakuti anali atapitira ndiwo. Panapita zaka 77 popanda wina wobvomerezeka kuti wamfikira, kufikira mu 2009, pamene Manabu Kurita anagwira yolingana nayo m'nyanja ya Biwa ku Japan. Koma iyeyu anaigwira ndi kansomba kamoyo.

Amene anapenyetsetsa madyedwe a nsomba koposa anzace anali mmphawi wa ku Finland, dziko limene kulibe bass. Lauri Rapala anali kupha nsomba pa nyanja ya Päijänne kuti adyetse banja lace. Masiku ambiri anali kuona nsomba zolusa zikulowa pakati pa gulu la tinsomba, ndipo anazindikira kuti sizigwira cisawawa: zisankha kamene kabvulala, koyenda mopendekeka. Cifukwa cace ncoonekeratu, pakuti nsomba imene itaya mphamvu zambiri pothamangitsa cakudya cocepa iwonda. Mu 1936 Rapala anasema kansomba ka khungwa lopepuka, nakakuta ndi pepala lonyezimira lokulungira cokoleti, nasungunula filimu ya zithunzi kuti madzi asalowe. Anakakonza-konza kufikira kanayamba kutsimphina monga kansomba kodwala. Nyambozi zitafika ku America bass inazilandira ndi kamwa lonse, ndipo magazini ya Life italemba za izo mu 1962, makalata oziitanitsa anaculuka kotero kuti banja la Rapala linalephera kukwaniritsa.

Koma bvuto la kulabvula linali likadalipo, pakuti mtengo ndi citsulo ziuma m'kamwa. Analithetsa ndi Nick Creme, munthu wogwira nchito pa makina osula zitsulo ku Akron, m'cigawo ca Ohio, amene mu 1949 anaumba nyongolotsi ya pulasitiki yofewa m'nyumba mwace. Codabwitsa ndi cakuti nyongolotsi si cakudya cimene bass icipeza kawiri-kawiri m'madzi; koma cinthuco cifewa, cigwedezeka ngati camoyo, ndipo nsomba icisunga m'kamwa kanthawi kokwanira kuti msodzi akoke. Ndiponso nsonga ya mbedza ingabisidwe m'thupi la nyongolotsiyo, kotero kuti ipita pakati pa udzu ndi nthambi osakodwa, kumene kuli kwao kweni-kweni kwa bass. M'nyengo yozizira thupi la nsomba lizizira pamodzi ndi madzi, cakudya cicedwa kugayika m'mimba, ndipo bass siifuna kuthamanga. Ingogwira cokwawa pang'ono-pang'ono pamphuno pace.

Kukoma kwa kuwedza kotere kunacititsa anthu kunyamula bass kupita nayo maiko akutali. Inafika ku Japan mu 1925, ku South Africa mu 1928, kumene inayamba kuswetsedwa pa Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, ndi ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, mu 1932. Pambuyo pace inalowanso m'madamu ena a dziko la Zambia. Onyamulawo anaganiza za cisangalalo ca msodzi, osaganiza kuti kamwa limene limeza kamtengo limezanso ciri conse copezeka m'madzimo. M'mitsinje ya ku Cape, monga Olifants, tinsomba ta m'dzikomo timene sitinadziwe mdani wotere tinatha m'madera ambiri, titsala kumtunda kokha kumene mathithi atsekereza bass. Ku Guatemala bass inathiridwa m'nyanja ya Atitlán mu 1958, niyamba kudya nkhanu ndi tinsomba, ndiponso anapiye a mbalame ina ya m'madzi yosauluka imene inalibe kwina kokhala pa dziko lonse. Kudulidwa kwa bango ndi cibvomezi ca 1976 zinaonjezera tsoka, ndipo pofika 1989 mbalameyo inali itatha psiti.

Ku America komweko asodzi anayamba kuopa kuti amaliza nsomba zao. Ray Scott, amene anayambitsa mipikisano yaikuru ya bass mu 1967, analamula mu 1972 kuti nsomba zogwidwa zizibwezedwa m'madzi zamoyo. Mwambo umenewu unadzutsa funso lina: kodi nsomba yobwezedwa igwidwanso? Akatswiri a ku Illinois, motsogozedwa ndi David Philipp, anayesa zimenezi pa Ridge Lake kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Nsomba iri yonse yogwidwa anaiika cizindikiro naibweza. Ataphwetsa nyanjayo anapeza kuti zina zinagwidwa kambiri-mbiri, pamene zina sizinakhudze mbedza ndi kamodzi komwe. Anazipatula, naziswetsa pazokha kwa mibadwo itatu, ndipo zimene anafalitsa mu 2009 zinaonetsa kuti ana atengera makolo: a zogwidwa msanga agwidwa msanga, a zocenjera abvuta kugwira. Kunapezekanso pambuyo pace kuti zazimuna zolusa, zimene zilumphira nyambo mosaganiza, ndi zomwezo zimene zisamala bwino cisa. Pakuti kwa bass mlonda wa mazira ndi bambo. Iye akonza kadzenje pamcenga, naima pamenepo masiku ambiri osadya kweni-kweni, naluma ciri conse cofika pafupi. Msodzi akamkoka pacisapo, ngakhale ambweze patapita mphindi zocepa, nthawi zambiri apeza tinsomba tina titalowa kale ndi kudya mazirawo.